Kalembedwe ka ndemanga ya episodi ya mavampaya, osangobwereza nkhani ayi

Kuno ku Dedza June akafika kumazizira moti ikangokwana 6 madzulo aliyense ali kale mu bulangete foni kumanja, ndiye ndi nyengo imene ma sirizi amayenda kwambiri, wina wakaikitsa pa memori kadi ku boma, wina wamugawira mnzake wa ku Lizulu. Ine ndi mng'ono wanga tayambiranso The Vampire Diaries, sirizi ya mavampaya (zolengedwa zopeka zomwa magazi a anthu), kuchokera sizoni 1, ija inayamba 2009 n'kutha 2017, masizoni 8, ndipo pagulu lathu la WhatsApp tinagwirizana kuti aliyense azilembako maganizo ake pa episodi imodzi. Koma zomwe zimabwera zimandidandaulitsa, munthu amangofotokoza kuti Elena anapita uku, Damon anapha uyu, Stefan analira, basi watha. Anzanga imeneyo si ndemanga, tonse tinaonera zimenezo. Ife tikufuna timve chomwe inu mwaona chimene ifeyo chinatidutsa.

Onerani kawiri. Episodi imodzi imakhala pafupifupi mphindi 42 ndiye si ntchito yaikulu, ingotchajani foni magetsi akadalipo. Koyamba onerani mongosangalala osaimitsa olo pang'ono. Kachiwiri khalani ndi kope ndi bolopeni pambali, pena paliponse pomwe mtima wagunda kapena pomwe mwaboweka imitsani mulembe miniti yake ndi mawu awiri atatu. Ngati yanu ndi yomasulira m'Chichewa ija, yesetsani mupeze yoyambirira, chifukwa womasulira amathira nthabwala zake pomwe ochita sewero angokhala chete, pamene chete ameneyo nthawi zina ndi pomwe pagona nkhani.

Mukatero sankhani sini imodzi yokha, imodzi basi, n'kuikumba mpaka pansi. Apa ndipereke chitsanzo, koma amene simunamalize sizoni 1 dumphani ndime iyi. Mu sirizi imeneyi vampaya sangalowe m'nyumba yomwe mukukhala munthu wamoyo pokhapokha wa m'nyumbamo amuuze kuti lowani. Ife nkhani ya odi timaidziwa bwino, mlendo amaima pakhomo kudikira kuti muyankhe, ndiye lamulo limeneli kwa ife silachilendo ndipo mutha kuyambira pomwepa polemba. Mu episodi yomaliza ya sizoniyo Damon akupsopsonana ndi mtsikana pakhonde la kwa a Gilbert, kwawo kwa Elena, tonse tikuti ndi Elenayo, Jenna, mayi ake aang'ono a Elena, atsegula chitseko n'kumuuza mtsikanayo kuti alowe chifukwa kwada. Chonsecho ndi Katherine, vampaya yemwe nkhope yake ndi chimodzimodzi ya Elena. Mawu amodzi a Jenna, munthu wosadziwa kalikonse za mavampaya, atsegulira mdani nyumba yonse. Mng'ono wanga anabweza sini imeneyi katatu ataphimba mutu ndi bulangete, akuyang'anitsitsa nkhope ya mtsikanayo pomwe akuoloka chitseko. Ndemanga yabwino imaima pomwepo n'kufunsa kuti kodi olemba anatikonzekeretsa mokwanira, kodi Nina Dobrev yemwe amasewera onse awiri anasintha chani pa kayang'anidwe kapena kayendedwe, nanga zikutanthauza chani kwa Damon yemwe wakhala akumusaka Katherine kuchokera 1864 koma wamugwira m'manja osamuzindikira.

Malamulo enawo muziwasunga m'mutu chifukwa ndi amene mumayezera ngati episodi yachita chinyengo kapena ayi. Dzuwa limawawotcha mavampaya pokhapokha atavala mphete yapadera yowateteza, chitsamba chotchedwa vervain chimawafooketsa komanso munthu amene wavala kapena kumwa sangamuzunguze mutu pomuyang'ana m'maso, mtengo wosongoka pa mtima ndi imfa. Episodi ikaphwanya lamulo lake lomwe kuti munthu wina apulumuke, nenani poyera, musawamvere chisoni.

Pali nkhani ya mawu yomwe ndikufuna ndiitsindike. Ena polemba amati anamapopa pofuna kunena mavampaya, ine ndimakana ndithu. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinavuta ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo ndipo anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, mabanja ena mpaka pano akulira. Stefan ndi Damon ndi anthu opeka a ku tauni yopeka ya Mystic Falls, ingolembani vampaya zisasokonekere. Chimodzimodzi Bonnie Bennett, mukangolemba kuti mfiti osaonjezera kanthu wowerenga wa kwathu kuno aganiza za agogo omwe amanamiziridwa m'midzimu, pamene mu sirizi iyeyu ndi mwana wasukulu amene amadzipweteka yekha populumutsa anzake. Fotokozani pang'ono zimenezo.

Musaope kunena zomwe sizinakukomereni. Ine mwachitsanzo zimanditopetsa kuti tauni yaing'ono ngati imeneyi phwando silitha, lero dansi ya kusukulu mawa mwambo wa mabanja omwe anayambitsa tauni, ndipo ukangoona phwando umadziwiratu kuti wina afa. Komanso ana asukulu amenewa m'kalasi amaonekamo mwa apo ndi apo. Koma mukadandaula perekani umboni wa mu episodi yomwe mukukambayo, osangoti yabowa. Ndipo nkhani ya kuti Elena atenge ndani pakati pa abale awiriwa, Stefan ndi Damon, muisiye pambali ngati episodiyo siikukamba zimenezo, chifukwa mkangano umenewo ukayamba pagulu ndemanga yanu palibenso amene aiwerenge.

Polemba penipeni, mzere woyamba ikani sizoni ndi nambala ya episodi, kenako chenjezo kuti muulula zomwe zachitika, ena amaonera pang'onopang'ono malinga ndi bandulo. Chidule cha nkhani chisapitirire ziganizo zitatu. Gawo lalikulu lipite ku sini yanu ija, kenako ochita sewero, nyimbo ngati zinakugwirani, ndi mathero ake ngati akukupangitsani kutsegula yotsatira usiku womwewo. Malikisi perekani pa 10 koma munene chifukwa chake mwachotsa omwe mwachotsawo. Za masizoni a kutsogolo musatchule olo dzina limodzi, ndipo musanatumize muwerengereni mokweza munthu wa m'nyumba mwanu amene anaonera nanu, pomwe wachita tsinya mukonzepo.