Elk mwaibaya, nanga nyamayo mutuluka nayo bwanji m'phiri?

Nyengo yosaka elk (nyama yaikulu ya mtundu wa gwape) ndi uta m'mapiri a chigawo cha Colorado ku America imayamba pa 2 September n'kutha pa 30, koma chaka chino mwezi usanafike n'pakati pomwe, fungo la nyama yovunda linali litamveka kale kumbuyo kwa magalimoto angapo a alenje atsopano. Onsewo anali anthu obwera okha, opanda wowatsogolera, ulendo wawo woyamba. Kulasa analasa bwino, pamenepo palibe chowanena. Chinawagwetsa n'chakuti palibe ndi mmodzi yemwe amene anakhala pansi n'kudzifunsa kuti chinyama chimenechi chikagwa, achitulutsa bwanji m'phirimo chisanawonongeke.

Za uta sindikambapo. Kulemera kwa muvi, kuthwa kwa nsonga, komwe mphepo ikulowera, kalizidwe ka kaphokoso koitanira elk, zonsezi mwazionera pa YouTube mpaka kufika potsutsana ndi anthu amene anayamba kusaka inu musanabadwe. Kuyambira June mpaka August mumakhala kuseri kwa nyumba, kulasa chandamale mpaka phewa kuwawa. Koma ndi angati mwa inu amene anayesapo kuika makilogalamu 35 m'chikwama cha kumsana n'kukwera nawo chitunda, olo tsiku limodzi?

Nkhunzi ya elk yokhwima imalemera makilogalamu 300 kapena kuposerapo, yaikazi imapitirira 200. Mukachotsa chikopa, matumbo, mutu ndi mafupa, nkhunzi imakusiyirani nyama pafupifupi makilogalamu 100. Munthu mmodzi ameneyo ndi maulendo anayi, nyanga osawerengera. Tsono tiyerekeze kuti yagwera pa mtunda wa makilomita 6 kuchokera pomwe mwaimika galimoto. Ulendo woyamba mutuluka ndi katundu, kenako mubwerera katatu. Amenewo ndi makilomita 42, ochulukawo mutasenza, modumpha mitengo yakugwa, pamalo okwera mamita 3,000 pomwe munthu wochokera kuchidikha amapuma mwawefuwefu ngakhale asananyamule kanthu. Si ntchito ya tsiku limodzi imeneyi. Ndipo nyama sidikira kuti miyendo yanu ipume.

Chimene chimawononga nyama ya elk ndi kutentha kwa thupi lake lomwe. Ikamafa imakhala pa madigiri 38 kapena 39, ndipo chikopa chake n'chochindikala, chopangidwira kusunga kutentha m'chipale chofewa. Ikagwa chikopacho chimapitiriza ntchito yakeyo. Tizilombo towoletsa nyama timaswana msanga paliponse pamene patentha kuposa madigiri 4, ndiye taganizani mkati mwa ntchafu, pamene fupa limalumikizana ndi chiuno, kapena m'khosi mwa nkhunzi lomwe limakhala litafufuma nyengo yokwerana ino. M'menemo kutentha kumakhala maola ambiri osatuluka. Mbali imene yagonera pansi ndiye imayamba. Kunja nyama imaoneka yofiira bwino, koma mukalowetsa mpeni kufika pafupa pamatuluka kafungo kosasa, ndipo mnofu wozungulira fupalo umakhala utayamba kubiriwira. Zikafika apo palibe mchere, utsi kapena firiji imene ingaibweze. Wa butchala akangonunkhiza amakubwezerani.

Tsono pali chizolowezi china chimene ndatopa nacho. Munthu wabaya elk dzuwa likulowa, waitumbula, watsekula nthiti ndi kamtengo, basi wapita kukagona, ati usiku kuzizira, tiiona m'mawa. Mukafunsa, yankho lake n'lakuti agogo ankatero. Agogo anuwo ankasaka ndi mfuti mu November, chipale chofewa chili mbuu, kapena ankapha agwape ang'onoang'ono a kum'mawa kwa America amene munthu mmodzi amakoka mpaka kumsewu. September wa kumapiri ndi wina. Usiku kumatha kuzizira mpaka madzi a m'botolo kugwira, inde, koma kuzizirako sikulowa pansi pa chikopa cha elk, ndipo masana kumatentha kuposa madigiri 20. Ntchentche zobiriwira zimafika musanamalize n'kusenda komwe, mavu ali pambuyo pake.

Chinanso n'chija aliyense akulalikira masiku ano, choti lowani mkatikati kumene ena safika. Pa mapu a pafoni chigwa chakutalicho chimaoneka chokoma, ndipo n'zoona kuti elk zimathawirako zikaona anthu. Koma malo ambiri oterewa ndi nkhalango zotetezedwa ndi lamulo la Wilderness Act la 1964, ndipo m'menemo simulowa chilichonse cha injini kapena cha matayala. Njinga ayi, kangolo kokokera nyama ayi, wilibala yomwe ayi. Ndi msana wanu kapena hatchi. Ku Wyoming ndiye mlendo wochokera kunja kwa chigawocho saloledwa n'komwe kusaka nyama zikuluzikulu m'malo amenewa popanda womutsogolera kapena mnzake wa komweko.

Achikulire ena oweta ng'ombe, amene munda wawo unachita malire ndi nkhalango ya boma, anandisimbira za anyamata awiri amene anawagogodera masanasana, milomo itauma, akupempha mahatchi. Anali atabaya nkhunzi dzulo lake madzulo. Achikulirewo akuti anangofunsa funso limodzi, ngati chikopa asenda. Anyamatawo anayang'anana. Anamanga mahatchi awiri n'kupita nawobe, ndipo njira yonse ankawadandaulira za elk zomwezo, mmene zimathyolera mpanda wa waya nthawi yozizira n'kudya udzu umene iwo anasungira ng'ombe, moti akuti akamva kuti imodzi yaphedwa salira ayi. Atafika anapeza mwendo wakutsogolo ndi ntchafu ya pamwamba zili bwinobe, nyama ya msana yomwenso. Atagudubuza, mahatchi anayamba kubwerera m'mbuyo chifukwa cha fungo. Ntchafu ya pansi ndi khosi lonse zinali zitapita. Ndalama anakana, pakuti kunyamulira munthu nyama molipitsa m'nkhalango ya boma kumafuna chiphaso chimene iwo alibe. Chimene chinawapweteka kwambiri, akuti, n'choti m'foni ya mmodzi wa anyamatawo munali zithunzi zambirimbiri atagwira nyanga, zojambula kuwala kukadalipo. Nthawi yosendera inalipo.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Elk yogona m'chigwa sinakhale yanu.

Tawerengerani zimene zatayika. Chiphaso cha elk kwa munthu wosakhala mu Colorado chimaposa madola 700, ndipo kuyambira 2025 mlendo wofuna kusaka ndi uta kumapiri a kumadzulo sangolowanso m'sitolo n'kugula, amayenera kufunsira miyezi ingapo m'mbuyo n'kudikira ngati dzina lake lituluke. Onjezani mafuta a galimoto, masiku a tchuthi, uta wodula uja. Alenje a uta ambiri amabwerera kwawo chimanjamanja, ndiye inu mwapeza mwayi umene anzanu amaudikira zaka, n'kuusiyira mphutsi. Komanso pali lamulo. Ku Colorado miyendo inayi yonse, nyama ya msana ndi minofu yofewa ya mkati mwa msana ziyenera kutengedwa ndi kusamalidwa kuti zidyedwe ndi anthu. Kulephera kutero ndi mlandu wa chindapusa, ndipo ungathandize kuti akulandeni ufulu wosaka, chilango chimene zigawo zina zimachilemekezanso chifukwa cha mgwirizano wa Interstate Wildlife Violator Compact. Kudula mutu wokha n'kusiya thupi ndiye ndi mlandu waukulu woti n'kulowa nawo m'ndende. Woyang'anira nyama zakutchire akakupezani ndi nyanga popanda nyama, zoti munatopa samva.

Zoyenera kuchita n'zosavuta, ndingozitchula mwachangu. Musananyamuke kunyumba jambulani pa mapu malire a mtunda umene mungasenze nyama yonse nokha, ndipo kunja kwa malirewo musakoke uta, ngakhale nkhunzi itaima pafupi bwanji. Ngati muli nokha ndipo ndi koyamba, makilomita atatu kapena anayi akwana. Mukaipeza, lembani chiphaso chanu, jambulani chithunzi chimodzi, kenako mpeni, kaya ndi usiku. Tochi ya pamutu ndi mabatire apadera ndi za ntchito imeneyi. Kutumbula si kofunika n'komwe. Ng'ambani chikopa motsata msana, sendani mbali ya pamwamba, chotsani mwendo, ntchafu, nyama ya msana, ya khosi ndi ya nthiti, gudubuzani, chitaninso chimodzimodzi, minofu yofewa ija muitenge pomaliza. Chizindikiro choti inali yaimuna kapena yaikazi chikhale cholumikizika ku ntchafu imodzi, lamulo limatero. Kukatentha ng'ambani ntchafu mpaka pafupa kapena chotsani fupalo. Nyama ilowe m'matumba ansalu opita mphepo, osati m'majumbo. Pachikani pamthunzi, mbali ya phiri yoyang'ana kumpoto kapena pafupi ndi kamtsinje pamene mpweya wozizira umatsikira, mamita 100 kutali ndi zotsalira chifukwa cha zimbalangondo. Ku Montana, Idaho ndi Wyoming kuli za mtundu wa grizzly, ndiye pobwerera kudzatenga katundu wina muziyamba mwaima patali n'kuyang'ana.

M'galimoto mukhale mabokosi akuluakulu oziziritsira atadzaza kale ndi zibuma za ayezi, osati kukayamba kusakasaka ayezi nyama ili m'manja. Nambala za munthu wa mahatchi wokhala ndi chiphaso komanso za butchala yapafupi muzipezeretu, ndipo mulankhule nawo musanalowe m'tchire. Netiweki kulibe uko, ndiye kachipangizo kotumizira uthenga kudzera pa setilaiti kakhale m'thumba. Ngati mukudutsa malire a zigawo pobwerera, onani malamulo a matenda a CWD, amene amagwira ubongo wa elk ndi agwape, chifukwa zigawo zambiri sizilola kulowetsa ubongo ndi fupa la msana.