Kukaona mapanga a ku Chongoni: muyambire pati?

Mwafunsa mmene mungakaonere mapanga a zojambula zamakedzana ku Dedza popanda kulakwira lamulo. Derali lili ndi malo 127 a zojambula, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, inaliika pa mndandanda wa malo otetezedwa a dziko lonse mu 2006.

Choyamba, sankhani malo. Alendo amapita kwambiri ku Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Pitani m'chilimwe, chifukwa m'dzinja misewu yafumbi imaterera.

Kenako funsani ku Dipatimenti ya Museums and Monuments, yomwe imayang'anira malowa, kuti mupeze wokulondolerani. Mukafika m'mudzi, perekani moni kwa amfumu. Zina mwa zojambula za utoto woyera za Achewa zimakhudza chinamwali ndi Nyau, choncho musangolowa ngati mukulowa mumsika.

Valani nsapato zogwira pamwala, tengani madzi akumwa. Musanalowe m'phanga, imani kaye, mvetserani ngati muli njuchi, yang'anani pansi ngati muli njoka.

Mkatimo ndiye pofunika kusamala. Musakhudze utoto, ngakhale ndi chala chimodzi, pakuti thukuta ndi mafuta a m'manja zimaudya pang'onopang'ono. Ena amathira madzi pa zojambula zofiira za Akafula kuti zioneke bwino pachithunzi. Kumeneko n'kuwononga zenizeni. Musakoleze moto, mwaye umaphimba zonse. Kulemba dzina lanu ndi khala pamwala ayi ndithu.

Mukaona phale la mbiya kapena mwala wosema, lisiyeni pomwepo, muuze wokulondolerani. Zinyalala zanu mubwerere nazo.