Pesto wa lemon balm: sinjani akadali wozizira, pamoto asapitepo

Alimi anzanga, makamaka inu amene munabzala lemon balm kuseri kwa nyumba kuti muzithira mu tiyi nde pano wakula wadzadza bedi lonse mukungomuyang'ana, lero tikambeko za pesto, phala lobiriwira la masamba osinja lothira pa supageti ndi zakudya zina. Dzinalo lisakuopseni ayi. Lachokera ku mau achi Italy oti pestare, kutanthauza kusinja, ndiye ndi ntchito ya mtondo ndi munsi yomwe tinakula nayoyi basi.

Kwawo kwa pesto ndi ku Genoa, mzinda wa padoko m'chigawo cha Liguria kumpoto chakumadzulo kwa Italy. Eni akewo amasinjira mu kamtondo ka mwala wa marble ndi kamunsi ka mtengo, ndipo zolowamo ndi 7: masamba anthete a basil, adyo, njere za mtengo wa pine, mchere wamiyala, mafuta a olivi ndi tchizi mitundu iwiri, Parmigiano-Reggiano wa mkaka wa ng'ombe ndi Pecorino wa mkaka wa nkhosa. Samachita nazo masewera, basil wa ku Genoa anapatsidwa chitetezo cha dzina ndi European Union mu 2005, ndipo kuyambira 2007 kumachitika mpikisano wa dziko lonse wosinja pesto ku Palazzo Ducale mumzinda momwemo. Nde tisanamizane, munthu wa ku Genoa mutamuuza kuti mwachotsa basil nkuikamo lemon balm akupukusirani mutu. Zathuzi si pesto alla genovese, ndi msuweni wake chabe, koma amakoma ndithu.

Choyamba tsimikizani kuti mbewu muli nayoyo ndi lemon balm kumene, poti ambiri amasokoneza ndi lemongrass. Lemongrass ndi udzu wa masamba ataliatali ocheka m'manja, ameneyo simungasinje pesto, mudzangotafuna ulusi. Lemon balm ndi kachitsamba kakafupi ka masamba ofewa okhala ndi timano m'mbali ngati minti, phesi lake mukaligwira ndi la ngodya 4, ndi banja limodzi ndi basil, minti komanso mpungabwi uja timathamangitsira udzudzu. Dzina la sayansi ndi Melissa officinalis, ndipo melissa m'Chigiriki ndi njuchi, mukamusiya kuti achite maluwa muona nokha mmene njuchi zimaunjikanira. Fungo la ndimu lija limachokera ku mafuta otchedwa citral amene ali m'timatumba ting'onoting'ono pa tsamba, omwewonso amapezeka mu lemongrass. Mafuta amenewa sachedwa kuuluka akamva kutentha, ndipo zonse ndikuuzeni pansipa zikuchokera pamenepa.

Kuthyola kwake ndi m'mawa mame atangouma dzuwa lisanakwere. Tengani nsonga zokhazokha, masamba 4 kapena 6 akumwamba, dulani pamwamba pa mfundo kuti aphukenso nthambi ziwiri. Masamba akunsi okhwima aja asiyeni, ali ndi ubweya wokanda kukhosi ndipo amawawirako, makamaka mbewu ikayamba maluwa. Ngati wanu wachita kale maluwa musataye mtima, metani yense kusiya masentimita 10 kuchokera pansi, thirani manyowa owola bwino, thirirani, pakatha masabata ochepa atulutsa masamba anthete. Kumetako kumathandizanso kuti asamwaze njere chifukwa akamwaza amamera paliponse mpaka mu bedi la anyezi. Amene muli malo otentha ngati kunyanja kapena ku Chikwawa, mbewuyi imafuna kamthunzi masana, padzuwa lokhalokha masamba amachepa ndi kuuma m'mbali.

Apa ndiyankhule ngati mlangizi pang'ono. Pesto amadyedwa wosaphika. Ngati lemon balm wanu ali moyandikana ndi tomato kapena kabichi amene mwapopera mankhwala, musathyole mpaka masiku olembedwa pa botolo la mankhwalalo atakwana, ndipo bola kumubzala kutali ndi mbewu zopopera. Tsukani ndi madzi omwe mungamwe, osati a pachitsime cha kudimba, kenako yanikani pa kansalu koyera pamthunzi mpaka aume. Masamba onyowa amapangitsa pesto kukhala wamadzimadzi ndipo sachedwa kuda.

Muyezo wa anthu 4 ndi uwu. Masamba makapu awiri odzaza bwino, kumeneko ndi magalamu 50 kapena 60. Mtedza magalamu 40, tingoti kadzanja kamodzi. Adyo kachidutswa kamodzi kokha, awiri ngati ndi ting'onoting'ono, musapitirire chifukwa lemon balm ndi wofatsa kuposa basil adyo akachuluka amamukwirira. Tchizi wolimba wopala magalamu 40, mafuta mamililita 80 mpaka 100, mchere pang'ono. Ine ndimakonda kuchotsako gawo limodzi mwa magawo atatu a masambawo nkuikamo parsley kapena sipinachi wanthete, chifukwa lemon balm yekhayekha pena amamveka ngati sopo wa ndimu, anthu ena pakhomo amangolawa kamodzi nkukankha mbale.

Njere za pine ndi zodula ndipo kuzipeza nkovuta, nde musavutike nazo. Makademiya amene amalimidwa ku Thyolo uko ndi amene amayandikira kwambiri poti ndi ofewa, amafuta komanso alibe fungo lamphamvu. Kashu nayenso ali bwino, njere za mpendadzuwa zosenda zimathekanso. Mtedza wathu wamba umatheka koma kazingani pang'ono chabe pa chiwaya kuti makoko achoke, mukaupsereza pesto yense amanunkhira chiponde ndimu uja osamvekanso. Ndipo sankhani umodziumodzi, wonyala, wobooka, wakuda kapena wa chuku tayani, poizoni wa aflatoxin safa ndi kukazinga. Mukakazinga dikirani uzizire kaye, mtedza wotentha ukakumana ndi masamba ndiye mwayamba kuphika zomwe tikukana zija.

Mafuta a olivi ndiwo eni malo, koma mtengo wake tikuudziwa tonse. Kusakaniza theka la olivi theka la mpendadzuwa palibe cholakwika, ngakhale a mpendadzuwa okha bola akhale atsopano osati okazingira kale tchipisi. Tchizi akhale wouma wopalika, wofewa uja amamata ngati phala. Mukasowa tchizi onjezerani mtedza pang'ono ndi mchere, kukoma kumasiyanako koma kumadyeka.

Tsopano kusinja. Pezani kamtondo kakang'ono koyera, osati komwe mumasinjira tsabola chifukwa mtengo umasunga fungo. Yambani ndi adyo ndi mchere mpaka zisalale, mcherewo umathandiza kupera. Ikani mtedza, sinjani mpaka ukhale ngati nsinjiro zonyowa. Kenako masamba, pang'onopang'ono kadzanja kamodzi nthawi imodzi, ndipo apa musamenye ngati mukukonola chimanga ayi, zungulizani munsi mukutikita masamba m'mbali mwa mtondo kuti aphwanyike mafuta a fungo atulukire mu mtedzamo. Zikasanduka phala lobiriwira thirani tchizi, kenako siyani munsi tengani supuni, mafuta muzithira pang'onopang'ono mukutakasa. Ntchito yonse isapitirire mphindi 15, mukayamba musaimire pakati kukacheza ndi aneba.

Za blenda ndili nazo umboni. Tsiku loyamba kupanga ndinaponya zonse nkuisiya ikulira kwa mphindi ziwiri kapena zitatu ndikutsuka mbale, potsegula ndinapeza chinthu chofunda chakuda ngati chisoso chogona, fungo la ndimu litathawa kwatsala la udzu. Mipeni ya blenda imatenthetsa komanso imalowetsa mpweya wambiri, ndipo tsamba likadulidwa muli kanthu kachilengedwe kotchedwa enzyme kamene kakakumana ndi mpweya kamadetsa, chimodzimodzi mbatatesi kapena nthochi yosenda mukaisiya pambalambanda. Lemon balm ndiye sachedwa kuda. Ngati mukufunabe blenda ikani jagi yake mu furiji kaye izizire, thirani mafuta limodzi ndi masamba kuti awakute, ndipo muzidina nkusiya, kudina nkusiya, masekondi awiri atatu basi.

Ena amalangiza kuviika masamba m'madzi owira masekondi 10 nkuwaponya m'madzi ozizira kuti mtundu usasinthe. Zimagwiradi ntchito poti kutenthako kumapha enzyme ija, koma kumatenganso gawo la fungo, nde kwa ine ngati mukudya tsiku lomwelo musatero. Madzi a ndimu nawonso musathire posinja, asidi amasandutsa kubiriwira kuja kukhala kotuwa pakapita nthawi, finyirani timadontho pa mbale pomwe mukudya.

Pakudya lamulo ndi lomwe lija, pesto sakazingidwa ngati tomato ndi anyezi. Wiritsani supageti magalamu 400, musanakhetse tungani kapu imodzi ya madzi ake, phulani poto, ikani pesto mu mbale yaikulu, sungunulani ndi masupuni awiri atatu a madzi aja kenako ponyani supageti nkusakaniza. Ku Genoa amakonda kuwiritsa pasta wotchedwa trenette kapena trofie mu poto mmodzi ndi mbatatesi zoduladula ndi zitheba, ndipo izi nzotheka kwathu kuno popanda kusintha kalikonse. Chifukwa cha ndimu uja pesto ameneyu amagwirizana kwambiri ndi nsomba, pakani pa chambo chowotcha mutachiphula kale pa makala, kapena pa nkhuku, pa buledi, ngakhale chinangwa chophika. Pa nsima ndinayesa, sindinamve bwino, koma mwina inu mkamwa mwanu ndi mosiyana.

Kasungidwe ndiye mumvetsere bwino. Ikani mu kabotolo kagalasi kotsuka ndi madzi owira nkuuma, salazani pamwamba, thirani mafuta pang'ono kuti aphimbe, tsekani, mu furiji masiku 3 kapena 4 basi. Mafutawo amangoteteza mtundu, sateteza ku matenda. Adyo ndi masamba zimachokera kudothi komwe kumakhala bakiteriya wotchedwa Clostridium botulinum, ameneyu amakula bwino pamalo opanda mpweya komanso opanda asidi, ndendende mmene mulili mu botolo la pesto loikidwa pa shelefu kotentha. Poizoni wake amafoola minyewa mpaka munthu kulephera kupuma, ndipo nthawi zambiri chakudyacho sichinunkha kapena kusintha maonekedwe, nde zomanunkhiza botolo nkumati akadali bwino sizithandiza. Magetsi akathima tsiku lonse furiji nkufunda, tayani. Amene mulibe furiji sinjani wokwana chakudya chimodzi, theka la muyezo uja kapena kuchepera, mudye nthawi yomweyo. Ndipo amayi a m'magulu amene mwayamba kale kuwerengera phindu, musaike mabotolo a pesto pa benchi padzuwa kumsika, gulitsani masamba kapena mbande, zimenezo zilibe chiopsezo.

Masamba akachuluka nthawi ya mvula, apa ndi pomwe kuviika m'madzi owira kuja kuli ndi phindu. Sinjani wopanda tchizi, thirani m'timathireyi ta ayisi, akauma gwa chotsani tizidutswato muike mu pepala la pulasitiki lomanga bwino mu filiza, amakhala miyezi itatu fungo likadalipo. Tsiku lodya tulutsani tiwiri kapena titatu pa munthu, tisungunuke tokha mu mbale kapena ndi timadzi ta supageti tija, tchizi muthire pamenepo.