Kuchotsa apilo ya chilango: momwe mungachitire

Apilo yotsutsa chilango cha khoti la majisitireti ku Mulanje kapena ku Thyolo imamvedwa ku Khoti Lalikulu ku Blantyre. Mukafuna kuisiya, kalata yanu ifike komweko, ku ofesi ya kalembera wa khotilo. Kungouza kalaliki pakamwa sikuthandiza.

M'kalatamo mulembe dzina lanu monga lilili pa fayilo, nambala ya mlandu wa kwa majisitireti, nambala ya apilo ngati inaperekedwa, tsiku la chigamulo, ndi mawu omveka akuti mukuchotsa apiloyo mwa kufuna kwanu. Sainani kapena dindani chala. Ngati muli m'ndende, perekani kalatayo kudzera kwa mkulu wa ndendeyo. Konzani makope atatu: ya khoti, ya oimira boma pa milandu, ndi yanu yodindidwa chidindo.

Apa mpamene ambiri amapunthwa. Mukachotsa apilo, chilango chija chimakhala momwe chinalili, ndipo ngati munatuluka pa belo podikira apilo, mubwerera kukamaliza chilangocho. Kuiyambitsanso nkovuta kwambiri, chifukwa nthawi yochita apilo imakhala itadutsa kale ndipo mufunika chilolezo cha khoti.

Ena amachotsa poopa kuti jaji awonjezera zaka. Mphamvu imeneyo ali nayodi. Komabe dziwani kuti Khoti Lalikulu limaunikanso palokha zilango zikuluzikulu zochokera kwa majisitireti, ngakhale popanda apilo. Choncho musanasaine, kambiranani kaye ndi loya wanu kapena a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya. Wachibale asakusainireni, chifukwa apiloyo ndi yanu.