Machenjezo a compiler: konzani, osangowatseka pakamwa

Achinyamata ambiri muno mu Chipata, ku Katete ndi ku Petauke ayamba kulemba mapulogalamu a pakompyuta, ndipo amakonda kufunsa kuti wongoyamba kumene angathandize chiyani pa laibulale ya open source, ndiko kuti code yolembedwa kale yomwe aliyense angaione, kuigwiritsa ntchito ndi kuikonza. Ine ndimati yambani ndi machenjezo a compiler, chida chomwe chimasandutsa code yomwe mwalemba kukhala pulogalamu yoti kompyuta iyendetse. Ntchitoyi sidya intaneti: mukakopera laibulale kamodzi ndi git clone, zotsalazo mumachitira pa laputopu yanu, ngakhale magetsi atapita, bola batire ikhale ndi moto.

Choyamba onani kukula kwa ntchito. Ngati laibulaleyo ndi ya C kapena C++, imangeni ndi compiler ya GCC mutaika -Wall ndi -Wextra kuti ionetse machenjezo ambiri, kenako mubwereze ndi compiler ina ya Clang, poti awiriwa saona zinthu mofanana. Sungani machenjezo onse mu fayilo, muwagawe potsata dzina lomwe limalembedwa kumapeto kwa chenjezo lililonse. Mudzaona kuti chimulu chokuopsanicho ndi mitundu yochepa chabe yongobwerezabwereza.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi pa -Wsign-compare. Chenjezoli limabwera mukayerekeza nambala yotha kutsika pansi pa ziro ndi ina yosatha kutero. Tinene kuti function yowerenga fayilo imabweza -1 ikalephera, inu n'kuyerekeza yankholo ndi unsigned int, nambala yosatha kutsika pansi pa ziro. Compiler imatembenuza -1 uja, ndipo pa mabiti 32 amasanduka 4294967295. Pulogalamu imayesa kuti yawerenga zambirimbiri pamene sinawerenge kanthu. Wofulumira amangoikapo cast (kukakamiza nambala kuti ikhale ya mtundu wina), chenjezo n'kuzimiririka, iye n'kumati ntchito yatha. Kumeneko n'kudula udzu pamwamba mizu n'kuisiya m'nthaka. Dzifunseni kaye: kodi nambalayi ingakhaledi -1? Ngati ingatero, lembani mzere woigwira musanayerekeze. Ngati singatero, sinthani mtundu wake pomwe inayambira kuti ikhale size_t, ndipo pa printf mulembe %zu m'malo mwa %d.

Variable yosagwiritsidwa ntchito nthawi zambiri njongochotsa, koma yang'anani dala ngati sikugwira ntchito mkati mwa #ifdef ya Windows kapena makina ena omwe inu mulibe.

Musamaderere machenjezo ooneka ngati achibwana. Mu 2014 code ya Apple yotsimikizira chitetezo cha pa intaneti cha SSL inapezeka ndi mzere wa goto fail wolembedwa kawiri. Wachiwiriwo unkaoneka ngati uli pansi pa if, pamene sunali, ndipo unkadumphitsa gawo lotsimikiza siginecha. GCC 6 ya mu 2016 inabweretsa -Wmisleading-indentation yogwira zoterezi. N'chimodzimodzi -Wimplicit-fallthrough ya mu GCC 7, yomwe imadandaula pamene case ilibe break yoletsa pulogalamu kugwera mu case yotsatira. Apa musalote ayi. Mwina wolemba anaiwaladi, mwina anachita dala. Onani git blame, yomwe imaonetsa amene anasintha mzere uliwonse komaliza, werengani uthenga wa commit yomwe inabweretsa mzerewo, ndipo zikakanika funsani eni laibulale. Kufunsa sikuchotsa ulemu.

Nthawi zina compiler ndi yomwe yalakwa. Zikatero tsekani chenjezolo pamalo okhawo ndi #pragma GCC diagnostic push, ignored ndi pop, mulembenso chifukwa chake pambali. Osalitseka pa laibulale yonse.

Potumiza ntchito, werengani kaye fayilo ya CONTRIBUTING ngati ilipo. Pull request (pempho loti eni laibulale alandire zomwe mwasintha) imodzi, mtundu umodzi wa chenjezo. Osasakanizamo kuwongola mizere kapena kusintha maina, chifukwa woyang'anira laibulale kawirikawiri amagwira ntchitoyi mongodzipereka akaweruka kwina, ndipo akaona mafayilo ambirimbiri osinthidwa amangozengereza. Yendetsani mayeso musanasinthe, muyendetsenso mutasintha. Chenjerani kwambiri ndi header (fayilo yolengeza ma function a laibulale) yomwe anthu akunja amagwiritsa ntchito: mukasintha mtundu wa nambala mmenemo, mwathyola mapulogalamu a anthu omwe simudzawaona n'komwe.

Machenjezo akatha, mtima umafuna kuika -Werror kuti chenjezo lililonse liziimitsa kumanga. Iikeni pa makina oyesera a CI okha (omwe amamanga ndi kuyesa code paokha ikasinthidwa), pomwe mukudziwa compiler yomwe ikugwira ntchito. Wokopera laibulale yanu chaka chamawa adzakhala ndi compiler yatsopano yokhala ndi machenjezo atsopano, ndipo zidzamukanika pa chifukwa chosadziwa iye. Ngakhale Linus Torvalds, yemwe anayambitsa Linux, anayesa kuika -Werror kwa aliyense pa Linux 5.15 mu 2021, ndipo pasanathe masiku ambiri anafewetsa lamulolo anthu atadandaula kuti sizikumangika.

Chenjezo limodzi lokha musalisiyire mawa: kuitana function yomwe simunailengeze mu C. Kuyambira GCC 14 ya mu 2024 chimenechi sichenjezonso, compiler imakaniratu kumanga. Mukachipeza mu laibulale yakale, kawirikawiri pasowa #include imodzi pamwamba pa fayilo, ndipo pull request yanu yoyamba ikhale imeneyo.