Musakhudze tchizi cha agogo mufiliji ya eni, ine chinandionetsa zakuda

Ndikulemba mtima ukadali kuwawa, mwina wina amene wangoyamba ntchito ya care, yosamalira okalamba ndi odwala, kuno ku UK apulumukirapo. Nkhani yake ndi ya tchizi. Musaseke abale anga, ine inandidyera ndalama.

Unali Disembala wanga woyamba, ndikuyenda khomo ndi khomo m'midzi ya kunja kwa Leicester. Kolo (ulendo wa pakhomo limodzi) ya m'mawa inali ya mphindi 45 basi, uwasambitse agogo, mankhwala, tiyi ndi tositi, manotsi pa foni, uthamangire kwina. Tsiku limenelo kutsegula filiji kuti nditenge mkaka, iii fungo lake ngati masokosi a mwana wa ku boding'i. Kusuzumira, chibuluma cha tchizi chokulunga m'pepala, chuku chobiriwira mpaka m'kati mwenimweni. Ife tinakula tikudziwa kuti mtedza wa chuku umalavula. Ndinavala magolovesi, chonse mubini ya panja, shelefu kupukuta mpaka kuwala, kenako kulemba m'manotsi monyadira kuti ndataya chakudya chowola. Umboni wonditsutsa ndinalemba ndi chala changa.

Kani chinali Stilton, tchizi cha kuno chimene chuku chake amachita kuthiramo dala. Mwana wawo anachita kukagula ku Melton Mowbray kuti pa Khirisimasi adye ndi vinyo uja wa port, ngati mmene ankachitira bambo ake ali moyo.

Mawa lake foni ya ku ofesi, akuti tangobwera ticheze pang'ono. Linali tsiku langa la ofu, basi ndinalipira ndekha. Kufika ndikupeza anthu awiri akhala mbali imodzi ya tebulo, mapepala ali kale pamenepo ndi manotsi anga aja atawapulinta. Akuti ndataya katundu wa kilayanti popanda chilolezo. Ndinayesa kufotokoza kuti kwathu chinthu chikachita chuku ndiye kuti chatha ntchito, manejala anangondiyang'ana ngati ndikuyimba nyimbo ya kwaya. Ofesi yomweyi ndi imene inatikhazika masiku awiri kuonera mavidiyo a kasambidwe ka m'manja, za zimene tikapeze m'mafiliji a azungu ngakhale liwu limodzi. Ndiye manejala uja potsiriza anangoponya mawu mwaulemu wake wachinyengo uja, kuti ndizikumbukira amene ali sponsa wa viza yanga. Amene muli pa viza imeneyi mukudziwa mmene m'mimba mumazizirira, sponsa, bwana amene anakulemba ntchito, akakusiya, Home Office, unduna woona za olowa m'dziko, imakupatsa masiku 60 kuti upeze wina kapena uzilongedza. Ndinasaina pepala osawerenga, manja akunjenjemera.

Kumapeto kwa mwezi payslip yaperewera £35, kwa agogo aja ofesi yandichotsako, ma shifiti achepa masabata atatu, pomwe renti ya chipinda sidikira ndipo kumudzi akudikira ya feteleza. Chimene chimandiwawa kwambiri mpaka lero ndi choti m'pepala ndinasainalo munali chiganizo chovomereza kuti andidule. Lamulo la Employment Rights Act 1996 sililola bwana kungodula malipiro ako pokhapokha lamulo lina likutero, zili mu kontirakiti kapena iwe unavomera polemba nkhaniyo isanachitike. Ine ndinavomera ndekha ngati mbuzi yopita kwa butchala.

Ndiye mvetsani. Ku ofesi akati ticheze, funsani pa meseji ngati ndi disciplinary, msonkhano wokuzengani mlandu wa pantchito, chifukwa ikakhala imeneyo muli ndi ufulu wopita ndi mnzanu wa pantchito kapena wa yuniyoni. Pepala musasaine pompo, nenani kuti mukaliwerenga kunyumba. Mabungwe a ACAS ndi Citizens Advice amalangiza ulere pa nkhani za pantchito. Yuniyoni ya UNISON lowani lero, osati moto utayaka kale. Ndatopa ndi anthu amene amapereka ya chipereganyu ndi ya maliro mwezi ndi mwezi koma ya yuniyoni akuti ndi kuwononga ndalama.

Tsopano tchizicho, kuti mukachiona muchidziwe. Chuku chija amachita kuthiramo dala, dzina lake Penicillium roqueforti, kenako amabaya tchizi ndi zisingano zachitsulo kuti mpweya ulowe, n'chifukwa chake mizere ya buluu imayenda m'kati ngati mitsempha. Stilton mwalamulo amapanga m'madera atatu okha, Derbyshire, Leicestershire ndi Nottinghamshire, moti ine ndinachitaya kwawo kwenikweni. Roquefort ndi cha ku France cha mkaka wa nkhosa, amachisunga m'mapanga, mchere wake woluma lilime. Gorgonzola ndi cha ku Italy, chofewa. Pali china Danish Blue. Mukaona mayina amenewa pa paketi, manja kumbuyo.

Koma musapitirirenso muyeso n'kumasiya chilichonse chobiriwira, ayi. Buledi wa chuku ndi wowola basi, hamu yoterera chimodzimodzi. Pa paketi, use by ndi tsiku la chitetezo, likadutsa chakudyacho sichabwinonso, best before ndi za kakomedwe chabe. Ngakhale zitadutsa, musataye mwakachetechete. Auzeni agogo, imbirani ofesi, lembani amene wakulolani ndi nthawi yake. Munthu amene mutu wake ukugwira ali ndi ufulu wosankha ngakhale zimene inu mukuona kuti ndi zopusa, Mental Capacity Act 2005 imatero, nyumbayo ndi yake. Care plan, pepala la kasamalidwe ka agogowo, werengani ndithu, ena ali pa mankhwala osagwirizana ndi tchizi chokhalitsa. Ndipo asisi amene muli oyembekezera, akakupatsani kuti mulawe, NHS, bungwe la zaumoyo la kuno, imati zofewa zija monga Gorgonzola, Roquefort ndi Danish Blue musadye pokhapokha zaphikidwa mpaka nthunzi, chifukwa cha kachilombo ka listeria.

China, nkhope. Musakwinye nkhope kapena kutseka mphuno pamaso pa mwini wake. Ife amene timatenthetsa usipa mu microwave ya ku staff room mpaka anthu kuthawa, ife a chambiko ndi mbewa zapamsewu wa ku Dedza, tilibe pakamwa ponyozera fungo la wina. Komanso azungu ambiri nawonso sachifuna kumene, mnzanga wina wa pantchito wobadwira konkuno amati chimanunkha phazi. Akakupatsani ingonenani zikomo sindidya, zatha.

Ine pambuyo pake ndinagula kachidutswa ku Aldi, ndinkafuna ndidziwe chimene ndinalipirira £35. Chokhachokha sindinathe kumeza, ndinatsukuluza m'kamwa ndi Sobo wa ku shopu ya aMwenye. Mu supu ya broccoli chimalowako pang'ono, sindinama. Chotsalacho chinakhala mufiliji yathu mwezi wathunthu, mpaka mchemwali wina wa ku Mzimba amene anali atangofika kumene anachitaya mubini, n'kubwera kudzandiuza kuti wandithandiza.