Khanda ligone chagada, pogona pake pakhale popanda kanthu

Amayi, abambo, agogo ndi inu nonse amene mumathandiza kulera khanda, nkhani iyi timvetsetsane bwino chifukwa ndi yowawa. Pali imfa ina imene imagwira ana osakwana chaka chimodzi ali m'tulo, mwana wayamwa bwinobwino, wagona, m'mawa mukumudzutsa sakudzuka, madokotala akafufuza sapeza matenda alionse. Azachipatala amaitcha SIDS. Imachuluka mwana akakhala ndi miyezi 2 mpaka 4, ndipo pa ana 10 alionse omwalira chonchi, pafupifupi 9 amakhala asanakwane miyezi 6.

Mu 1994 akatswiri awiri, Filiano ndi Kinney, anafotokoza kuti nthawi zambiri pamakumana zinthu zitatu. Pali ana ena omwe kachigawo ka ubongo komwe kamadzutsa munthu mpweya ukamachepa sikagwira bwino, ndipo simungadziwe pongomuyang'ana, amaoneka wathanzi ndithu. Kenako msinkhu umenewu wa miyezi yoyamba. Chachitatu ndi malo omwe wagona. Za ubongo ndi msinkhu tilibe nazo mphamvu, koma pogona pake tikhoza kukonza usiku uno.

Mwana agone chagada, usiku ndi masana omwe, ngakhale katulo ka mphindi 20. Akagona chafufumimba nkhope imamira m'matiresi, ndiye amangopumanso mpweya woipa womwe watulutsa yekha, komanso amagona tulo tofa nato tovuta kudzidzimukamo. Cham'mbali nakonso ayi, chifukwa amagubuduka mosavuta n'kupezeka wagona pamimba. Ku America bungwe la madokotala a ana, American Academy of Pediatrics, linayamba kulangiza zosiya kugoneka ana chafufumimba mu 1992, mu 1994 kunabwera kampeni ya Back to Sleep yolimbikitsa kugoneka ana chagada, ndipo pomatha zaka 10 imfa zimenezi zinali zitatsika kupitirira theka. Palibe mankhwala atsopano omwe anabwera, chachikulu n'chakuti makolo anasintha kagonekedwe.

Ndikudziwa mantha omwe ambiri muli nawo, akuti mwana akabweza mkaka ali chagada atsamwa. Manthawa ndi omveka koma thupi silili choncho. Akagona chagada njira ya mpweya imakhala pamwamba, ya chakudya pansi, ndiye mkaka ukabwerera umatsikira kunjira ya chakudya, amameza kapena kutsokomola. Chafufumimba ndi pomwe mkaka umadikha pafupi ndi njira ya mpweya. China choti ndinenetse, mwana amene anazolowera chagada kenako tsiku limodzi wina n'kumugoneka pamimba amakhala pachiopsezo chachikulu zedi, ndiye aliyense amene mumamusiyira mwana mumuuze momveka, kaya ndi apongozi, musachite manyazi. Akadzafika pogubuduka yekha mbali zonse ziwiri mumugonekebe chagada, akatembenuka yekha musiyeni.

Pogona pakhale polimba komanso pafulati, matiresi oti mukakanikiza ndi dzanja sakulowa, nsalu yoyala yokoka bwino. Pilo ayi, zidole ayi, bulangete lochindikala ayi. Apa ndi pomwe chikondi chimatinamiza, timafuna mwana agone pofewa ngati ife, koma khanda silingathe kukankha pilo kapena kuvundukula nkhope likaphimbika. Ngati mukumufunditsa, mapazi ake afike kumunsi kwa bedi, kansalu kopepuka kalekeze pachifuwa ndipo mukapinde pansi pa matiresi kuti asalowe m'kati. Tizimipando topendekeka ndi mpando wa m'galimoto si malo ogona nthawi yaitali, mutu umagwera pachifuwa n'kupana njira ya mpweya.

Agone m'chipinda chanu, pafupi ndi bedi lanu koma pamalo pake, kwa miyezi 6 yoyamba. Ndikudziwanso kuti mayi woyamwitsa 3 koloko usiku, maso ali psuu ndi tulo, amangopezeka wagona ndi mwana, izi zimachitika ndipo sindikuweruza munthu. Koma chonde musathawire pa sofa kapena pampando poganiza kuti pamenepo simugona. Mudzagona, ndipo pa sofa ndi poopsa kuposa pabedi chifukwa mwana amapanikizika pakati pa inu ndi khushoni. Bola muyamwitsire pabedi mutachotsa mapilo ndi mabulangete mbali yake, mukadzidzimuka mumubwezere pake. Ndipo pali nthawi zomwe kugona naye bedi limodzi n'kosayenera ngakhale pang'ono: wina mwa inu amasuta fodya, wamwa mowa kapena mankhwala ogonetsa, kapena mwanayo anabadwa masiku asanakwane kapena ndi sikelo yosafika makilogalamu 2.5.

Za fodya nditsindike kwa abambo. Utsi umafooketsa kudzidzimuka kuja kwa mwana, kuyambira ali m'mimba. Kusutira pawindo sikuthandiza, utsi umatsala m'zovala ndi m'chipinda.

Kutentha nakonso ndi vuto, ambiri timaopa kuzizira n'kumuunjikira zovala. Chipewa chivulidwe akamagona m'nyumba chifukwa khanda limatulutsira kutentha kumutu. Musayese kutentha pogwira manja kapena mapazi ake, amenewo amazizira kale, gwirani pachifuwa kapena kuseri kwa khosi, mukapeza thukuta chotsani chovala chimodzi. Ngati mumamukulunga m'nsalu, musiye kumukulunga akangoyamba kuyesa kugubuduka.

Kuyamwitsa kumachepetsa chiopsezo, ngakhale mutakwanitsa miyezi 2 yokha zimathandiza, ndipo katemera asaphonye. Amene mukuda nkhawa kuti mutu uphwatalala kumbuyo, masana ali maso mumuike pamimba kwa mphindi zochepa inu muli pompo mukumuyang'ana, khosi lilimbe. Akangoyamba kusinza mutembenuzeni chagada.